Nyama Zimene Anachisale Anaziona

M'masewera a Dungeons & Dragons muli kalamulo kena kamene osewera ambiri amangokadumpha. Buku la malamulo la mu 2014 limalola druid, yemwe ndi munthu wamatsenga a m'chilengedwe, kusanduka nyama akangofika pa levulo 2. Koma limawonjezera kuti ikhale nyama imene iye anaionapo ndi maso ake. Ambiri akawerenga mbali yoyambayo amathamangira kumasamba akumapeto kukasaka chilombo champhamvu kuposa zonse. Ine mbali yachiwiriyo ndi imene inandiimitsa, chifukwa imafunsa funso limene munthu wokhala kudziko la eni amakumana nalo tsiku lililonse: kodi unachokera kuti, ndipo kumeneko unaonako chiyani?

Masewerawa anatuluka ku America mu 1974, ndipo anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi, amene amatchedwa Dungeon Master, amafotokoza dziko, adani ndi zoopsa za m'njira. Enawo aliyense amakhala ndi munthu wake wopeka, ndipo amanena zimene munthuyo achite. Pamene pali chikayiko amaponya dayisi ya mbali 20 kuti iweruze. Zili ngati nthano ya madzulo ija ya "padangotero", kungoti oyankha "tili tonse" nawonso ali ndi mphamvu yokhotetsa nkhani.

Ndimasewera ku Cape Town, Lachisanu usiku, ndi anzanga anayi, ndipo Mmalawi ndine ndekha. Munthu wanga wopeka ndi Anachisale, gogo wodziwa zitsamba amene anakulira m'mphepete mwa mtsinje waukulu m'dziko lotentha. Dzikolo ndi lopeka, koma sindibisa kuti ndinalijambula ndikuganiza za chigwa cha Shire ku Chikwawa, kumene ndinakulira.

Malamulo a kusanduka ndi osavuta. Nyama iliyonse ili ndi nambala yosonyeza ukali wake, imene amaitchula kuti CR. Druid wamba pa levulo 2 sapitirira CR 1/4, ndipo saloledwa nyama yosambira kapena youluka. Zosambira zimatseguka pa levulo 4, zouluka pa levulo 8. Amasanduka kawiri kokha, kenako ayenera kupuma. Ali m'thupi la nyama sangachite matsenga ake, komanso sangayankhule ngati munthu. Mphamvu za thupi zimakhala za nyamayo, koma nzeru ndi khalidwe zimakhalabe zake. Nyamayo ikavulazidwa mpaka mapointi ake a moyo kutha, iye amabwerera m'thupi lake laumunthu. Druid wa gulu la Circle of the Moon, limene ndinasankhira Anachisale, amayambira pa CR 1, choncho amakhala woopsa msanga.

Apa ndi pamene chimbalangondo chimatulukira. Pafupifupi aliyense wosewera druid wa gululi amayamba ndi chimbalangondo chofiirira, ndipo masamu ake ndi omveka. Chili ndi mapointi a moyo 34 ndipo chimamenya kawiri pa mpata umodzi, pamene druid mwiniwake pa levulo 2 nthawi zambiri safika ngakhale 20. Anzanga anandiuza zomwezo mokoma mtima. Koma Anachisale akanachionera kuti chimbalangondo? Ine ndemwe ndimangochidziwira pa TV ndi m'nkhani ya Davide woweta nkhosa. Druid wa m'mabukuwa anamutengera kwa ansembe akale a Aselote a ku Ulaya, ndipo nkhalango imene anamuikamo ndi ya mitengo ya kumpoto ndi chipale chofewa. Palibe cholakwika pamenepo. Kungoti gogo wanga si wa kumeneko, ndipo kumupatsa chimbalangondo kukanakhala kumufufutira kwawo.

Ndiye ndinatenga pepala n'kulemba nyama zimene ndinazionadi ndili mwana, kenako n'kuzigawa malinga ndi ntchito. Druid safunika nyama khumi zomenya nkhondo. Amafunika imodzi kapena ziwiri zomenyera, ina yozondera, ina yokwerera, ina ya m'madzi, ndipo mtsogolo ina ya m'mwamba.

Yozondera ndinasankha khoswe. Ali ndi pointi imodzi yokha ya moyo, moti mphaka wa m'khitchini angamuthere, koma palibe mlonda amene amaliza belu chifukwa waona khoswe. Yokwera makoma ndi mitengo ndinatenga nyani, amene aliyense wolondera chimanga amadziwa kuchenjera kwake. Ya m'madzi inali ng'ona, imene m'buku ili pa CR 1/2 ndi mapointi 19. Ikaluma imagwira osataya, ndipo imatha mphindi 15 osapuma pansi pa madzi. Munthu wa ku Chikwawa safunika buku kuti amuuze zimenezi. Ndinadikira mpaka levulo 4, ndipo tsiku limene Anachisale anakokera mdani m'mtsinje anzanga anaomba m'manja, koma ine ndinakhala kaye chete. Kwathu nkhani ya munthu wogwidwa ndi ng'ona padooko si yoseketsa.

Panalinso mmbulu. Mawu amenewa omasulira Baibulo anawabwereka kuti atchulire chilombo cholusa cha kumpoto chija, koma mmbulu wathu ndi galu wam'tchire wamawangamawanga amene amasaka pagulu. Buku limapatsa mmbulu wake mwayi woluma bwino ngati mnzake ali pafupi ndi mdaniyo. Ndinapempha Dungeon Master wathu kuti manambala akhale omwewo koma chikopa chikhale cha kwathu, ndipo anavomera. Mphamvu imeneyi ndi mwambi uja wakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, kungoti aulemba m'manambala.

Zonsezi zinali zopepuka. Cholemera chinali fisi.

M'buku muli fisi wamkulu wa CR 1 wokhala ndi mapointi a moyo 45, kuposa chimbalangondo chija. Mnzanga wina atamuona anasangalala kwambiri, n'kunena kuti vuto langa latha: nyama ya ku Africa, yamphamvu, yololedwa pa levulo 2. Iye ankaona manambala. Ine ndinkaona gogo wokalamba, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, wodziwa mankhwala, amene usiku amasanduka fisi. Kwathu munthu wotere ali ndi dzina, ndipo dzinalo limapha. Mu January 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa atawaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe agogo ambiri amagona ndi mantha chifukwa choti akalamba, ndi osauka, ndiponso alibe wowaikira kumbuyo. Ndinadzifunsa ngati n'koyenera kusandutsa mantha amenewo kukhala chosangalatsa cha Lachisanu.

Amayi nditawafotokozera pafoni za masewerawa, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanawe, zinthu zimenezo uzisamala nazo." Sindinawaseke. Mantha otere si a kwathu kokha. Ku America komweko, m'zaka za m'ma 1980, makolo ndi mipingo ina ankanena kuti masewerawa amaphunzitsa ana zausatana, moti pamene kampani ya TSR inkatulutsa malamulo atsopano mu 1989 inachotsamo mayina a ziwanda. Ndinawauza kuti, "Amayi, ndi nthano chabe, ngati zija munkatisimbira za kalulu ndi fisi. Kungoti ife timagwiritsa pepala ndi madayisi." Anayankha kuti m'nthano zawo fisi ankaluza nthawi zonse.

Mawu amenewo ndiwo anandithandiza kusankha. Fisi wa m'nthano ndi wadyera, wopusa ndi wamantha. Fisi wa m'mphekesera ndi galimoto ya mfiti. Koma fisi weniweni wamawanga amasaka yekha chakudya chake chambiri, amakhala m'magulu otsogoleredwa ndi zazikazi, ndipo nsagwada zake zimaphwanya mafupa amene zilombo zina zimasiya. Ndiponso lamulo la masewera limatsutsana ndi mphekesera pamfundo yeniyeni. Mphekesera imati munthu akasanduka fisi ndiye kuti mtima wake woipa waonekera poyera. Lamulo likuti thupi limasintha koma mtima umakhala womwewo. Ngati Anachisale ali wachifundo ali ndi miyendo iwiri, akhalabe wachifundo ali ndi inayi.

Choncho ndinamutenga fisiyo, koma ndinadziikira malire anga. Anachisale sasanduka fisi mobisa kapena pofuna kuopseza mudzi. Amasanduka poyera, anzake akuona, pamene wina wagwa ndipo pakufunika thupi lalikulu loima pakati pa iye ndi mkondo. Mapointi 45 aja ntchito yake ndi kulandira mabala amene akanagwera ena. Ndinapemphanso Dungeon Master kuti anthu a m'midzi ya m'nkhani yathu asamangoona zimenezi ngati zachizolowezi. Ena amathawa, ena amatola miyala, ndipo anzake a Anachisale amayenera kusankha ngati amuikire kumbuyo kapena ayi. Mpaka pano sanamusiyepo yekha. Anthu amene poyamba sankadziwa n'komwe kuti fisi ali ndi mbiri yotere, tsopano amatsutsana ndi mfumu yopeka pofuna kuteteza gogo wopeka.

Tikuyandikira levulo 8, pamene nyama zouluka zidzatseguke, ndipo funso lomwelo likubweranso. Kadzidzi amaona patali mumdima ndipo amauluka mwakachetechete, moti pozonda usiku palibe womuposa. Koma kadzidzi akalira padenga kwathu anthu sagona. Masana ndidzagwiritsa nkhwazi, imene Anachisale ankaiona tsiku lililonse ikutola nsomba pamtsinje. Za usiku ndikuganizabe, ndipo ndikuona kuti kadzidzi nayenso ndidzamutenga pa zifukwa zomwe ndinatengera fisi.

Malamulo okonzedwanso a mu 2024 anasintha zina. Druid tsopano amayamba ndi nyama zinayi zodziwika, zimene zimakwera kufika zisanu ndi chimodzi pa levulo 4 ndi zisanu ndi zitatu pa levulo 8, ndipo amatha kuyankhula ali m'thupi la nyama. Ife tikuseweretsabe akale aja, koma ndimakonda ganizo la mndandanda waufupi. Nyama zikakhala zinayi zokha, iliyonse imayenera kukhala ndi chifukwa. Wosewera watsopano akandifunsa kuti asankhe ziti, ndimamuuza kuti manambala awaone ndithu, chifukwa druid wofa msanga sathandiza aliyense. Koma asanatsegule buku, ayambe wayankha kuti munthu wakeyo anakulira kuti, ankaopa nyama iti popita kukatunga madzi, ndipo ndi nyama iti imene anthu a kwawo amainamizira.