Madzi Amadyera Pansi pa Njanji

Mvula ikagwa usiku wonse, ine tulo sindituona. Anzanga kuno ku Nangongwe amadera nkhawa chimanga ndi zipupa za nyumba, koma ine mtima umakhala pa njanji. Ntchito yanga ndi kuyenda wapansi, nyundo m'manja, mbendera yofiira m'thumba, kuona ngati sitima ya anthu ingadutse.

Ambiri amayesa kuti timaopa mlatho. Ayi ndithu. Mlatho wa Kafue unamangidwa mu 1906, kutalika kwake ndi mamita 427, zigawo 13 zachitsulo zokhala pa nsanamira za konkire, ndipo waona madzi ochuluka kuposa amene anaona agogo anga. Namasupuni akaunjikana pa nsanamirazo timamuyang'anitsitsa, inde. Koma chondiopsa ine ndi mtumbira wadothi umene umanyamula njanji m'dambo, kulowera ku Nega Nega ndi Mazabuka.

Madzi a kuno ali pawiri. Pali a mtsinje, obwera mwaulemu. Akatsegula damu la Itezhi-Tezhi, madziwo amatha milungu akuyenda m'chidambo cha Kafue, moti nthawi zina amatipeza mvula ikutha kale. Amenewa amangotsamira mtumbira, kuunyowetsa mpaka dothi kufewa ngati nsima yosapsa. Ndiye pali a timitsinje tochokera m'mapiri, opanda odi. Kalavati ikatsekeka ndi zinyalala (mapepala apulasitiki ndiwo atisautsa masiku ano), madzi amadzifunira njira yawo, n'kukokolola miyala yapansi pa masilipa.

Apa ndi pamene diso la mlendo limanamizika. Njanji ziwiri zija zimakhala chiwongokere, zikunyezimira, motalikirana mamilimita 1,067 monga mwa nthawi zonse, pamene pansi pake pali mphako. Woyendetsa sitima sangaone zimenezo ali patali, ndipo sitima siima ngati minibasi. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankandiletsa kuyang'ana chitsulo chokha. Ankandipondetsa silipa lililonse lokayikitsa. Likatulutsa matope ukaliponda, kapena nyundo ikalira mogogoda ngati pa mgolo wopanda kanthu, pamenepo pali mlandu.

Ndikapeza potero ndimadziwitsa oyendetsa ndondomeko ya sitima, n'kukazika mbendera patali ndithu, kuti woyendetsa apeze mpata womangira mabuleki. Pakakhala pongofewa, sitima imadutsa pang'onopang'ono ngati ya maliro. Pakakhala pokokoloka, imaima. Njanji yochokera ku Livingstone kudzera ku Choma, Monze, Lusaka ndi Kabwe mpaka ku Kitwe ndi imodzi yokha, ilibe yolambalala. Dzenje loti munthu n'kulidumpha limaimitsa onse, a uku ndi a uko. Katundu amadikira osadandaula, koma anthu ali ndi ana, njala, ndi matenda a ku chipatala.

Tsiku lina tinaimitsa sitima m'dambo kuyambira mbandakucha. Tinali ndi mafosholo, mapiki ndi majeke, kukweza njanji ndi kusinja miyala yatsopano pansi pake, udzudzu ukutichita phwando. Mayi wina wonyamula matumba a tomato anatsika n'kubwera pamene ndinali.

"Bambo, njanjitu ili bwinobwino iyi. Mukufuna tomato wanga awole?"

"Mayi, tabwerani mudzaone kuno."

Ndinalowetsa mpini wa fosholo pansi pa silipa, wonse unalowa osagunda kanthu. Anayang'ana dzenjelo, n'kuyang'ana mabogi odzaza anthu kumbuyo kwake, n'kubwerera osayankhula. Dzuwa lili paliwombo anatuma mwana kudzatipatsa tomato asanu ndi kamchere m'pepala. Sitima inanyamuka chakumadzulo, ine ndikuyenda patsogolo pake mpaka itadutsa pamene tinakonzapo.