Magetsi a Makompyuta ku Dublin ndi Dzuwa la ku Golomoti

Pakati pa Amalawi amene akhazikika ku Ireland pali ena amene amagwira ntchito m'nyumba zikuluzikulu zopanda mawindo zimene zandandana kunja kwa mzinda wa Dublin, m'madera a Grange Castle, Tallaght ndi Blanchardstown. Nyumbazi zimatchedwa ma data centre, ndipo zili ngati nkhokwe za intaneti, popeza muli makompyuta zikwizikwi otchedwa maseva, amene amasunga ndi kutumiza mauthenga, zithunzi ndi ndalama za anthu usana ndi usiku. Mlembi wa nkhaniyi, yemwe kwawo ndi ku Mua m'boma la Dedza, amasamala makina oziziritsira mu imodzi mwa nyumbazi, ndipo chimene chimamuwawa ndi maganizo amene amamveka kawirikawiri pa maphunziro a kuntchito, akuti maiko a mu Africa ndiwo ayenera kuphunzitsidwa kusamala magetsi ndi kuchepetsa mpweya wowononga nyengo.

Kunena zoona, luso la eni ntchitoyi ndi logometsa. Magetsi onse amene seva yadya amasanduka kutentha, choncho vuto lalikulu ndi kuchotsa kutenthako popanda kuwononga magetsi ena ambiri. Pofuna kudziwa mmene nyumba ikuchitira, amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa PUE, umene umapezeka pogawa magetsi onse olowa m'nyumbamo ndi magetsi amene afikadi kumakompyuta, kotero kuti nambala ikamayandikira 1 ndiye kuti otayika ndi ochepa. Nyumba zambiri padziko lapansi zili cha pa 1.5, pamene kampani ya Google imalengeza kuti zake zili cha pa 1.1. Maseva amasanjidwa m'mizere moyang'anizana, kuti mpweya wozizira uzilowera kanjira kamodzi ndipo wotentha uzitulukira kena, osasakanikirana, ndipo kampata kakang'ono kakasiyidwa kosatseka munthu amafunsidwa chifukwa chake. Nyengo ya Ireland nayo imawathandiza, popeza kwa miyezi yambiri mpweya wakunja ndi wozizira mokwanira, moti amangoukoka ndi mafani m'malo moyatsa makina oziziritsira. Ku Tallaght afika patali, pakuti kuyambira mu 2023 kutentha kochokera mu data centre ya Amazon kumatenthetsa madzi amene amayenda m'mapaipi a pansi n'kukafunditsa maofesi a khonsolo ya South Dublin, laibulale ndi nyumba za yunivesite ya TU Dublin. Munthu amene anakulira pa chitungu cha mu Okutobala ku Mtakataka amatenga nthawi kuti amvetse zoti kutentha kungakhale katundu wogulitsa.

Koma PUE imangoonetsa ngati magetsi akutayika, siinena kuchuluka kwa magetsi amene adyedwa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Ofesi ya boma yowerengera zinthu ku Ireland, ya Central Statistics Office, inapeza kuti mu 2015 ma data centre ankadya magawo 5 pa 100 aliwonse a magetsi odutsa pa mita m'dzikomo, koma pofika mu 2023 anali atafika pa magawo 21, kuposa nyumba zonse za anthu a m'matauni kuziphatikiza pamodzi. Magetsi amenewa ndi pafupifupi kuchulukitsa katatu amene Malawi yense amapanga pa chaka, ngakhale kuti Ireland ili ndi anthu opitirira pang'ono 5 miliyoni pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni ku Malawi. Zinthu zitafika pothina, bungwe la EirGrid, limene limayendetsa mawaya akuluakulu a magetsi, linanena mu 2022 kuti silikuyembekezera kulumikiza ma data centre atsopano m'dera la Dublin mpaka 2028, ndipo mu 2024 khonsolo ya South Dublin inakaniza Google kumanga ina ku Grange Castle. Makampani amasayina mapangano ogula magetsi a mphepo, amene amapereka pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a magetsi a dzikolo, koma seva siidikira mphepo, ndipo usiku wabata imadya magetsi a gasi, amene amatulutsa mpweya wa carbon dioxide womwe ukutenthetsa dziko lapansi.

Wantchito wobwera amaona zonsezi ali pakati. Akaweruka m'mamawa amasiya nyumba imene magetsi sathima ngakhale kwa kamphindi, chifukwa kumbuyo kwake kwaima mabatire ndi majenereta a dizilo, n'kukalowa m'kachipinda ka lendi yodula kamene amagawana ndi mnzake, momwe amayatsa chotenthetsera mowerengera kuti patsale ndalama zotumiza kumudzi za fizi ndi feteleza. Akafuna kulankhula ndi mayi ake, nthawi zina foni imapezeka yozima mpaka wina ataitengera kokatchajitsa pamsika wa Golomoti, ndipo tulo ta masana m'nyengo yachisanu sitibwera msanga kwa munthu amene sanamve za kwawo. Amene akuti aphunzitsidwe kusamala magetsi ndi anthu omwewo amene amadziwa kuti kasola kamodzi ka padenga kayenera kukwanira nyale ya mwana wasukulu, wailesi ndi mafoni a banja lonse.

Chimene anzake a kuntchito sadziwa n'chakuti magetsi ambiri a ku Malawi amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo pambali ya mpweya woipa ndi aukhondo kuposa a ku Dublin. Sadziwanso kuti pa Golomoti, mtunda waufupi kuchokera pa mishoni ya Mua imene Ansembe Oyera anakhazikitsa mu 1902, makampani a JCM Power ndi InfraCo Africa anamanga malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 ali ndi mabatire a mamegawati 5 osungira mphamvu ndi kukhazikitsa magetsi mitambo ikadutsa. Kuphatikiza dzuwa ndi mabatire pa mlingo wotere kunali kwachilendo m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Sahara, ndipo ku Salima kunali kutatsegulidwa kale malo ena a mamegawati 60 mu 2021. Vuto la ku Malawi ndi kuchepa kwa magetsi ndi kudalira mtsinje umodzi, monga zinaonekera mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga Kapichira ndi kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, dziko n'kulowa m'kuthimathima kwa miyezi yambiri. Pamenepo majenereta a dizilo ndiwo analira m'mabanki, m'zipatala ndi pa nsanja za mafoni, ndipo matumba a makala ondandana m'mbali mwa msewu wa M5 amachitira umboni kuti nkhalango ya Mua-Livulezi ndi mapiri ozungulira ndiwo akulipirira kusowako.

Malawi naye walowa kale mumsewu wa ma data centre, popeza mu 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegula data centre ya boma ku Blantyre, imene inamangidwa ndi kampani ya Huawei, ndipo n'koyenera kuti zinsinsi za boma ndi za nzika zizisungidwa m'dziko momwemo. Kuchokera ku Ireland n'kwabwino kutengako mwambo woyeza chilichonse, kulekanitsa mpweya wotentha ndi wozizira, ndi kusankha malo ozizira monga kumtunda kwa Dedza m'malo mwa chigwa cha kunyanja, kumene makina oziziritsira angadye magetsi ochuluka. Chosayenera kutengera ndi kulola kuti nyumba zoterezi zichuluke dziko lisanafunse kumene magetsi ake adzachokere. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira ndi magetsi, choncho aliyense wofuna kumanga data centre yaikulu ku Malawi ayenera kubwera ndi sola ndi mabatire akeake monga zilili pa Golomoti, kuti maseva asadzalimbirane magetsi ndi chipatala cha Mua, zigayo za ku Mtakataka ndi midzi imene mawaya amangoidutsa pamwamba.