Dzina la Yashica lidakalipo, nanga amisiri aja?

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, kwathu kuno mfumu ikamwalira, wolowa m'malo amatenga dzina lomwelo. Koma timayamba taona kaweruzidwe kake ka milandu tisanavomereze kuti dzinalo lamukhala. Makamera nawonso ndimawayesa choncho.

Ambirife kuno ku Milange zithunzi zathu zakale anatijambula ndi ojambula oyendayenda panjinga. Wa m'dera lathu anali ndi Yashica, ndipo filimu ankakatsukitsa ku Blantyre, kudzera pa Muloza. Chithunzi chokhacho cha malemu mayi anga chinachokera m'kamera imeneyo. N'chifukwa chake dzinali limandikhudza.

Yashica inali kampani ya ku Japan. Mu 1983 inalowa m'manja mwa Kyocera, yomwe inasiya kupanga makamera mu 2005. Mu 2008 dzinalo linagulitsidwa kwa MF Jebsen ya ku Hong Kong. Chinasamuka ndi dzina lokha, amisiri anatsala. Kamera ya Y35 itafika kwa ogula mu 2018, ambiri anadandaula kuti ndi yapulasitiki komanso yosalimba.

Nkhani ya Polaroid, kamera yotulutsa chithunzi pompopompo, inayenda mosiyana. Kampaniyo inagwa mu 2001, ndipo mu 2008 inaleka kupanga filimu. Anthu ochepa, pamodzi ndi ena omwe ankagwira ntchito pa fakitale yake ya ku Enschede, m'dziko la Netherlands, anapulumutsa makina n'kuyambiranso. Dzina analibe, ankatchedwa Impossible Project. Mankhwala akale anali atasowa, choncho anayesayesa mpaka filimu yawo yoyamba inatuluka mu 2010. Dzina la Polaroid linadzawapeza mu 2017, ntchito ili m'kati.

Apa ndi pomwe ndaima: kamera imakhalabe yomweyo ngati luso lake lili ndi olipitiriza, mwini wake akhale yani.

Mwana wa mchemwali wanga akusunga ndalama za geni yake kuti agule kamera azijambula maukwati. Atandifunsa za Yashica, poti amandimva ndikuitama, ndinamuuza kuti: "Iwe, amene ndimawatama aja anapuma kale. Funsa amene akuipanga lero, uone zithunzi zake ndi maso ako, ufunsenso ngati ikawonongeka ingakonzedwe."

Ndalama wazivutikira yekha, asakazitaye pogula chikumbutso changa.