Mtengo umene foni inaudziwa, ine nditauiwala

Aphunzitsi anzanga, ndikuuzeni zimene zinandichititsa manyazi ku Gaborone. Masana ena ndinaima pansi pa mtengo umene unagwetsa zipatso zachikasu mbwee. Fungo lake ndinalidziwa bwino, koma dzina linandithawa. Ndinatulutsa foni n'kujambula, ndipo Google Lens sinachedwe: marula, Sclerocarya birrea. Mayi wina amene ankasesa pomwepo anandiuza kuti kwawo kuno amati morula. Ine, amene ndimadyera chiyankhulo, ndinagona osakumbukira. Dzinalo linabwera lokha m'mawa mwake ndikusamba: mfula! Mtengo womwewo umene tinkatola zipatso zake kwa agogo.

Foni sinaname, koma inandipatsa dzina la eni ake. Mapulogalamu ngati Google Lens, imene inayamba mu 2017, kapena Pl@ntNet, sadziwa mtengo monga mmene amaudziwira munthu woti anakwerapo. Amafananitsa chithunzi chanu ndi zithunzi zambirimbiri zimene anthu anazilemba kale mayina, ndipo mayinawo ambiri ndi a Chingerezi ndi Chilatini. Mwana wa ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia akajambula mlambe amva baobab, akajambula tsanya amva mopane. Akazolowera, mlambe ndi tsanya zidzatsala m'kamwa mwa agogo okha.

Sindikunena kuti muwalande mafoni ana. Ineyo ndimaigwiritsa ntchito, ndipo foni imodzi ya mphunzitsi ikwanira kalasi yonse ngati bandulo ilipo. Sabata ino tulukani nawo panja, mujambule mitengo, tizilombo kapena ziwiya zisanu. Dzina limene foni yapereka alilembe, koma pambali pake asiye mpata. Mpatawo akaudzaze kunyumba pofunsa akuluakulu: chimenechi timachitcha chiyani, chimagwira ntchito yanji, chili ndi mwambi kapena nyimbo? Akabwera ndi mayina awiri osiyana, musathamangire kuchonga limodzi n'kudula linalo. Afunseni kumene makolo awo anachokera, ndipo phunziro la kusiyana kwa kayankhulidwe layamba kale.

Chimodzi chokha muwachenjeze mwamphamvu. Foni imalakwitsa, makamaka chithunzi chikakhala chamdima, ndipo imayankha molimba mtima ngakhale yalakwa. Bowa kapena zipatso zakutchire asadye chifukwa choti foni yatero.

Mayina amene mupeze muwasunge m'kope, mudzabwere nawo pa gawo lotsatira. Langa loyamba ndalemba kale mfula.