Ndalama za tiyi zinkabwera ndi mvula

Ku Thyolo kuno ndalama zinali ndi nyengo yake. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi ankaphuka kwambiri, akapitawo n'kumayenda m'midzi kufuna anthu othyola. Pofika Juni, chiperoni chikuwaza, ambiri tinkauzidwa kuti tiyambe tapuma, ndipo wopuma salandira. Mayi wa pakhomo ankayenera kukoka ndalama za miyezi isanu kuti zikwane chaka chathunthu.

Ine ndinalowa m'banja tikugwiritsabe ntchito mapaundi ndi masheleni. Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi n'kukhala makwacha awiri, sheleni n'kukhala matambala 10. Apongozi anga anapita kumanda akuwerengabe masheleni, ndipo palibe wamsika amene anawaberapo.

Chimene ana a masiku ano samvetsa n'chakuti miyezi imene tiyi ankalipira bwino ndi yomweyo ya njala. Nkhokwe inkakhala itatha, chimanga cha ku ADMARC n'chogula, kumunda udzu ukudikira khasu. Ukapita kothyola, munda wako ukulowa tchire. Ukatsala kupalira, madzulo ana agona ndi njala. Ine ndi bambo a ana tinkagawana: iwo osajomba ku esiteti, ine masiku ena kutiyi, ena kumunda. Ndikaweruka ndinkapitirira ndi khasu mpaka mdima.

Dengu la tiyi limakhala kumsana, pamalo pa mwana. Ndiye wakhanda ankatsala m'manja mwa mkulu wake pansi pa mtengo m'mphepete mwa munda, iwe n'kumathyola masamba awiri ndi kansonga khutu lili komweko. Kuyamwitsa kunali pa nthawi ya sikelo, uli pamzere kudikira kalaliki akuyezere. Akapeza masamba okhwima ankakubweza kuti ukasankhe, mwana akulira, mkaka ukudontha. Atsikana ambiri oyamba kubadwa sukulu yawo inathera pansi pa mitengo imeneyo. Masiku ano anthu amati makolo akale sitinkafuna kuphunzitsa ana aakazi. Onena zimenezo sanaberekepo dengu.

Tsiku lolandira, pachipata pankamera msika. Kunkabwera a matemba a ku Chilwa, a nsalu, a zitumbuwa, ndipo chapatali a kachasu ndi a katapila ankangoyang'ana amene akutuluka. Amayi ochenjera sankadikira kunyumba. Ankavala chitenje chabwino n'kukaima pafupi ndi ofesi ngati angodutsa, kuti mwamuna akatuluka ayendere limodzi. Bambo a ana anga sankamwa kwambiri, koma dzanja lawo linali lopepuka, wachibale aliyense akadandaula ankapisa m'thumba. Ndiye nanenso ndinkangodutsa.

Usiku, ana atagona, tinkayala ndalama pamphasa, koloboyi ali pambali. Yoyamba kupatula inali ya chimanga ndi chigayo, kenako mchere, sopo ndi palafini. Panali msonkho wa abambo, panalinso khadi la chipani, chifukwa wopanda khadi mumsika sankalowa. Ya fizi ndinkaimanga pa kansalu n'kuikwirira mumphika wa nandolo, poti mwamuna sapisa dzanja mumphika wa ndiwo. Kanyama kankaoneka kakatsala kanthu, apo ayi chigwada chotendera.

Chimene chinatisunga kwenikweni ndi chiperegano. Amayi a mzere umodzi tinkasonkha tikalandira, n'kupatsa mmodzi, ulendo wina mnzake. Panalibe buku, panalibe chiwongoladzanja, manyazi okha ndiwo ankalondera ndalamazo. Aliyense ankafuna kulandira mvula ili pafupi kutha, ndipo pamenepo mikangano siinkalephera. Ikafika nthawi yanga sindinkalola ndalama igone m'nyumba. Ndinkagula nkhuku, kenako mbuzi. Ndalama ya m'manja wina akhoza kukupempha, koma mbuzi munthu amachita manyazi. Mwana akadwala usiku, nkhuku ndi imene inkatifikitsa ku chipatala cha Malamulo.

Minda yathu inali ting'onoting'ono, ndipo chifukwa chake chikuoneka ndi maso. Kuchokera ku Bvumbwe kudutsa pa boma mpaka ku Makwasa, malo abwino onse ndi tiyi: Satemwa, imene Maclean Kay anaiyamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Makandi. Agogo athu Alomwe atachoka ku Mozambique anapeza malo ali kale m'manja mwa azungu, n'kumagwira thangata kuti aloledwe kumanga. Ife tinatsalira zitunda ndi zigwembe. Ndiye pakamunda kamodzi tinkathira zonse: chimanga, nandolo, chinangwa, kalongonda. Chinangwa tinkachisenda n'kuyanika makaka, ndipo makakawo ndi amene ankatiolotsa Januwale ndi Febuluwale.

Koma chuma cha mayi chinali nthochi. Siyang'ana mwezi, imabereka tiyi ali pompo, imaberekanso tiyi atatha. Magalimoto ankachokera ku Limbe kudzatenga mikoko, ndipo ndalama ya nthochi ya kuseri kwa nyumba inali yako, mwamuna sankafunsa. Yunifolomu za ana anga zonse zinachokera mu nthochi. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, womaliza wanga ndiye anapindula, akuluakulu anali atadutsa kale ndi mikoko yanga. Kenako kunabwera matenda a chisaka, alangizi n'kutiuza kuti tizule zonse. Tsiku lozula amayi ena analira ngati pamaliro, ndipo ine sindinawaseke.

Mdzukulu wanga wamkazi nayenso amathyola tiyi. Iye ali mu banki m'khonde, ali ndi kabuku ka masheya, ndalama zina amasunga pafoni. Amandifotokozera za chiwongoladzanja ine n'kumangogwedeza mutu, ngakhale ndimaona kuti ngongole zake zimamusowetsa tulo kuposa mmene chiperegano chinkatichitira ife. Atagawana ndalama za ku bankiko mu Disembala anabwera kudzandifunsa chochita nazo.

"Gula mbuzi, mwanawe," ndinatero.

"Agogo, mbuzi ndikaidyetsa kuti? Malo ake ali kuti?"

Anakagula thumba la feteleza, yotsala n'kulipirira mwana wake mayeso a Fomu 4.