Kanema amayenda m'thumba kugombe la Lago

Msewu wochoka ku Lichinga kupita ku Metangula ndi wotsetsereka. Chapa imanyamuka pamwamba pozizira, pakati pa mitengo ya paini, nkudutsa pa Maniamba, kenaka nkuyamba kutsika mokhotakhota mpaka nyanja itaonekera mmunsi, mbee ngati lata latsopano. Ndi ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 100, koma wokwera amanyamuka atavala juzi nkukafika akutuluka thukuta.

Metangula ndiye likulu la boma la Lago, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Nthawi ya Apwitikizi malowa ankatchedwa Augusto Cardoso ndipo panali doko la asilikali apamadzi. Kumpoto kwake kuli mchenga wa ku Chuanga, kuli mishoni yakale ya Anglican ku Messumba, ndipo kutsogolo ndithu kuli Cóbuè, moyang'anizana ndi chilumba cha Likoma chomwe ndi cha Malawi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Anthu a gombe limeneli ndi Anyanja. Chiyankhulo chawo ndi cha pa Likoma nchimodzi, ndipo mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Mangochi samasowa womupatsa moni.

Kuyambira kale zinthu za kutali zimafika kuno mochita kunyamula. Mabuku ndi mankhwala a amishoni zinkabwera pa sitima ya Chauncy Maples yomwe idayamba kuyenda panyanjayi m'chaka cha 1901. Nkhondo ya pachiweniweni itatha m'chaka cha 1992, anthu othawa kwawo pobwerera adabwera ndi mbale, mabulangete ndi mawailesi, ndipo sipadapite nthawi m'misika ina mudayamba kulira majenereta a vidiyo. Ana ankalipira pakhomo nkukhala pa mabenchi kuonera Rambo ndi Bruce Lee pa tepi yomwe idazungulira mpaka zithunzi kuchita mizeremizere. Lero tepi ija idasanduka kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, kotchedwa memori khadi, koma kayendedwe kake nkomwe kaja: m'thumba la munthu, pa chapa, pa njinga yamoto kapena m'boti.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Mapiri a kuno amatsikira m'madzi mwenimweni, ndipo midzi yambiri idabisala m'magombe kuseri kwa zitunda. Kampani ya Movitel itayamba ntchito m'chaka cha 2012 idafikitsa netiweki kumidzi yambiri yomwe Vodacom ndi mCel zidali zisadafikeko, komabe netiweki yokwanira kuimbira mbale wako siyofanana ndi yokwanira kuonera filimu. Filimu yoonera pa intaneti imafuna kuti netiweki isaduke kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikangofooka pang'ono, chithunzi chimaima, kamkombero nkumazungulira pakati pa foni, uku ndalama zikutha. A Netflix eni ake amati ola limodzi la kanema wooneka bwino pang'ono limatha kudya 1 GB, ndipo la kanema wosaoneka bwino kwenikweni limadya pafupifupi 0.3 GB. Msodzi amene wagula "megas" ndi ndalama ya usipa amaziwa yekha kuti ola limeneli ndi lodula.

Tsono nzeru ya anthu ndi kutsitsa. Pa Chipwitikizi amati baixar, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo: kutsitsa filimu kuchoka pa intaneti kuti ikhale m'foni. Wopita ku Metangula kukagula malata, kapena ku Lichinga kukaona wodwala, amapezerapo mwayi pomwe netiweki ili yamphamvu. Ena amadikira usiku chifukwa makampani a foni amagulitsa mabandulo a usiku motsikirapo mtengo. Amene satha kutsitsa yekha amapita kwa anyamata a kompyuta a pamsika, omwewo otchaja mafoni, nkuwapatsa khadi kuti amuikire mafilimu, nyimbo ndi makwaya. Akafika kumudzi, filimuyo imadumphira m'mafoni a anzake kudzera pa Bluetooth, Xender kapena SHAREit popanda kulipira kalikonse. Anthu a kunyanja safunika kuwaphunzitsa zimenezi. Usipa wauwisi umadyedwa tsiku lomwelo pagombe, koma woyanika pathandala umakafika mpaka ku Lichinga ndi ku Cuamba.

Makampani akuluakulu a kanema adaliona vutoli, chifukwa si la ku Lago kokha. YouTube idayamba kulola kusunga makanema ena m'foni m'chaka cha 2014, poyambira ku India, Indonesia ndi Philippines, maiko omwe nawo netiweki inkavuta. Netflix idafika ku Mozambique ndi ku Malawi mu Januwale 2016 pomwe idatsegula m'maiko 130 nthawi imodzi, ndipo mu Novembala chaka chomwecho idaika batani lotsitsira.

Koma apa mpofunika kumvetsa bwino, chifukwa ambiri amakhumudwa. Filimu yotsitsidwa pa Netflix si yako ai, ndi yobwereka. Imakhala yotsekeredwa mkati mwa pulogalamu yawo, m'foni imodzi yomweyo, moti sungaikopere mnzako kapena kuchotsa khadi nkukaika m'foni ina. Mafilimu ena ukangoyamba kuonera amafufutika pakatha maola 48, ena amakhala masiku angapo, ndipo mwezi ukatha osalipira onse amatsekeka. A YouTube nawo amafuna kuti foni izilumikizidwa ku intaneti pakapita nthawi, apo ayi zosungidwazo zimakana kutseguka. Malamulo amenewa adapangidwira munthu wa m'tauni amene akukwera ndege maola ochepa nkukapezanso intaneti kutsogolo. Sadaganizire mphunzitsi wa kugombe la kumpoto kwa Cóbuè amene amapita ku boma kamodzi pamwezi. Kuonjezera apo malipiro ake kawirikawiri amafuna khadi ya kubanki, pomwe ndalama za anthu ambiri kuno zimayenda pa M-Pesa, pa e-Mola kapena pamanja.

Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind yomwe idatuluka pa Netflix m'chaka cha 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata amene adapanga magetsi ndi mphepo, ndipo Chiwetel Ejiofor adaijambula ku Malawi konko, mbali yaikulu anthu akuyankhula Chichewa. Munthu wa ku London amaimva pochita kuwerenga mawu olembedwa mmunsi. Gogo wa ku Messumba akhoza kuimva ndi makutu ake, ngakhale angaseke katchulidwe ka ochita sewero ena ochokera kunja. Koma mwa awiriwa, amene njira yovomerezeka yoonera filimuyi ili pafupi naye ndi wa ku London uja.

Nchifukwa chake khadi ya pamsika ndiyo imapambana. Yokha siifufutika, siifunsa banki, ndipo nthawi zambiri imabwera ndi mafilimu a ku Nigeria, a ku India ndi a karate omwe anyamata a ku Malawi adawaikira mawu a Chichewa, womasulira mmodzi akuyankhulira mfumu, mfiti ndi mwana yemwe, nkumathiramo nthabwala zake. Zoona zake nzakuti kukopera kotereku malamulo a maiko onse awiri sakulola, ndipo amene amalira kwambiri si makampani olemera a ku America. Ndi woimba wa ku Lichinga kapena wa ku Lilongwe, ndi wojambula mafilimu ngati Shemu Joyah amene adapanga The Last Fishing Boat m'chaka cha 2012, nkhani ya asodzi a nyanja yomweyi. Ntchito ya anthu otere ikalowa pa khadi imayenda midzi yonse, mwini wake osaona ngakhale khobidi.

Palinso china chomwe makolo amadandaula nacho. Nthawi ya vidiyo ya pamsika mudzi wonse unkadziwa chomwe chikuonetsedwa, chifukwa phokoso lake linkamveka mpaka kuchigayo. Khadi ilibe phokoso. Mwana amalandira mafilimu makumi awiri nthawi imodzi, ena osayenera msinkhu wake, nkumaonera yekha m'bulangete.

M'chaka cha 2023 intaneti ya Starlink, yochokera ku masetilaiti, idayamba kugwira ntchito ku Mozambique ndi ku Malawi, ndipo iyo siisamala za mapiri. Koma chida chake ndi malipiro a pamwezi ndi za malo ogona alendo, mabungwe ndi amalonda opeza bwino, ndiponso chimafuna magetsi okhazikika, pomwe nyumba zambiri za kugombe zimadalira kasola kamodzi kapadenga, kotchajira foni ndi kuyatsa babu.

Miyezi ya Juni ndi Julayi mwera ukalusa, mabwato amakokeredwa kumtunda ndipo maboti opita ku Metangula amatha kukhala masiku osanyamuka. Usipa umasowa pathandala, makhadi atsopano nawo safika. Madzulo asodzi amaunjikana pansi pa mtengo wa mango, foni atayitsamiritsa ku chitini, nkubwereza filimu yomwe aiona kale kanayi, ana akutsogoza mawu womasulira asadawanene.