Kadalie akanapanda kuwathamangitsa

Amalume anga ali ndi nkhani imodzi imene satopa nayo. Tikakhala pakhonde ku Rimuka madzulo a Lamulungu, amaloza chakumigodi ya golide, kumene agogo anathera mphamvu zawo atachoka ku Nyasaland, n'kunena kuti: "Mphwanga, Clements Kadalie akanapanda kuthamangitsa achikomyunizimu, bwenzi atate athu atakalamba ndi penshoni m'manja."

Kwa zaka zambiri ndinkangovomera. Kadalie anali wakwathu, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu December 1926 bungwelo linachotsa achikomyunizimu onga James La Guma ndi John Gomas. Pofika 1927 linkati lili ndi mamembala pafupifupi 100,000, koma mu 1928 A.W.G. Champion anapatuka ndi nthambi ya ku Natal, ndipo mu 1929 Kadalie mwini anatula pansi udindo. Poona mndandanda umenewu, n'kosavuta kunena kuti chinagwetsa nyumba ndi mkangano wa 1926.

Nditawerenga mofatsa, ndinaphunzira kufunsa funso limodzi ndikamva mawu akuti "zikanakhala kuti": kodi tikasintha chinthu chimodzi, zina zonse zikanalola? Anthu amene amanena kuti Trotsky akanapambana Stalin pambuyo pa imfa ya Lenin mu 1924 amaiwala kuti Stalin anali mlembi wamkulu wa chipani kuyambira 1922, ndipo ndiye ankaika anthu m'maudindo. Kusintha dzina la wopambana popanda kusintha amene anagwira makiyi n'kulota chabe.

Chimodzimodzinso ndi ICU. Achikomyunizimu akanatsala, akanabwera ndi mikangano yawo. Mu 1928 likulu lawo la Comintern ku Moscow linalamula chipani cha ku South Africa kutsata mfundo yatsopano, ndipo mu 1931 chipanicho chinachotsa S.P. Bunting, mmodzi mwa amene anachiyambitsa. Chipani chimene chinali kudyana chokha chikanapulumutsa bwanji bungwe la ena? Ndiponso boma la atsamunda kuno silikanasintha mtima. Robert Sambo, Mnyasa amene anadzakhazikitsa ICU ku Bulawayo mu 1927, anapirikitsidwa m'dziko chaka chomwecho. Wantchito wobwera anali wosavuta kumukweza sitima.

Komabe sindinganene kuti amalume analakwiratu. La Guma ndi anzake ankadandaula za kayendetsedwe ka ndalama m'bungwelo, ndiponso ankafuna kuti mamembala azikhala ndi mawu. Akanamvedwa, mwina ICU ikanakhalitsa zaka zingapo. Zimenezi n'zotheka. Koma penshoni ya agogo inali kutali kwambiri.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafotokozera zonsezi. Anakhala chete, kenaka anati: "Ndiye iwe ukuti panalibe njira?" Ndinazindikira kuti iwo sankakamba za Moscow kapena Cape Town. Ankafuna kumva kuti umphawi wa atate awo sunali wolembedwa kumwamba.

"Njira inalipo, amalume," ndinayankha, "koma siinali m'manja mwa munthu mmodzi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Lamulungu lotsatira anayambanso nkhani yomweyo, koma ulendo uno anayamba ndi Sambo.